Banga Lakuda pa Khungu la Mwana: Loopsa Tilidziwa Bwanji?

Wolemba: mlangizi wa zaumoyo wa ku Machinjiri

Loweruka lina titangomaliza zokambirana za kalabu yathu ya achinyamata kuno ku Machinjiri, mtsikana wina wa Fomu 3 adatsalira m'mbuyo. Anzake onse atabalalika adandiyandikira nati, "Achimwene, mukapeza mpata mudzamuone mlongo wanga. Watuluka mawanga akuda pantchafu, ndipo sakutha."

Mnyamatayo adali ndi zaka 8. Mayi awo adamwalira iye akadali wamng'ono, ndipo ana awiriwa amaleredwa ndi agogo awo aakazi. Ntchito yomusambitsa ndi kumuchapira idali ya mtsikanayu, n'chifukwa chake ndiye adayamba kuwaona mawangawo. Banjali lidandilola kufotokoza nkhaniyi, koma maina ndi dera lomwe amakhala sinditchula.

Ndidapita Lolemba lake. Ndidaona mawanga anayi akuda bii, lililonse kukula kwake ngati njere ya nyemba. Popeza miyendo ya mwanayo idali ndi zipsera zambiri za mphere ndi za kulumwa ndi udzudzu, ndidangoti nazonso ndi zipsera, zitha zokha. Sindidawakhudze mawangawo. Sindidamuyang'ane m'kamwa, ndipo sindidamupapase m'khosi kapena m'mphechepeche. Sindidafunsenso ngati adayezedwapo magazi. Ndidawalangiza za ukhondo n'kumapita.

Patatha miyezi itatu mtsikana uja adandipezanso, ulendo uno akulira. Mawanga adali atapitirira khumi. Mwendo wakumanzere udatupa n'kulimba ngati thabwa moti mwanayo adasiya sukulu. Agogo adayesa mafuta odzola ogula pagolosale koma sizidathandize. Kenaka adapita naye kwa sing'anga yemwe adati mwanayo waponda mankhwala, namutema mphini kuzungulira bondo. Mphinizo zidachedwa kusiya kutuluka magazi. Nditamuuza kuti ayasamule, ndidaona banga lina lofiirira kumwamba kwa m'kamwa. M'mphechepeche ndi m'khosi mudali anabere olimba. Pamenepo ndidadziwa kuti ndidalakwitsa tsiku loyamba lija, ndipo kulakwitsa kwangako kudamudyera mwanayo miyezi itatu.

Achinyamata anzanga, ambiri a inu ndinu amene mumasambitsa ang'ono anu, kuwadzoza mafuta ndi kuwaveka. Khungu lawo mumaliona tsiku ndi tsiku kuposa dokotala aliyense. Nkhani ino ndalembera inu kuti mudziwe mawanga omwe sadetsa nkhawa, omwe amafunika chipatala, komanso momwe madokotala amasiyanitsira.

Mtundu wa khungu umachokera kuti?

Pakhungu pathu pali maselo ena omwe ntchito yawo ndi kupanga utoto wotchedwa melanin. Utoto umenewu ndi womwe umapereka mtundu ku khungu, tsitsi ndi maso, ndipo umateteza khungu ku mphamvu ya dzuwa. Munthu wakuda ndi mzungu ali ndi maselo amenewa ochuluka pafupifupi mofanana. Kusiyana kwake n'kwakuti athu amapanga utoto wambiri.

Banga lakuda limatha kubwera m'njira zitatu. Yoyamba, maselo a utoto aja akaunjikana pamalo amodzi. Yachiwiri, khungu likavulala kapena kutupa n'kusiya utoto wambiri pochira. Yachitatu, timitsempha ta magazi tikamera mopitirira muyeso pansi pa khungu. Pakhungu loyera zitatuzi zimasiyana mtundu, china chabulawuni, china chofiira, china chapepo. Pakhungu lathu lakuda zonse zimangooneka zakuda. Apa ndi pomwe pamagona vuto, ndipo ngakhale ife azaumoyo timatha kusokonezeka.

Mawanga ambiri ndi osaopsa

Tisanapite patali, ndinene kuti mawanga ambiri omwe timawaona pa ana si matenda oopsa.

Makanda ambiri akuda amabadwa ndi banga lotuwa mobiriwira pamatako kapena m'chiuno. Ndi losalala, silipweteka, ndipo nthawi zambiri limazimiririka lokha mwana asanayambe sukulu. Tsiku lina kusikelo mayi wina wachitsikana adandionetsa banga lotere ali ndi mantha chifukwa anansi ake amanena kuti mwanayo ali ndi Edzi. Mwanayo adalibe vuto lililonse. Banga limeneli silikhudzana ndi HIV ngakhale pang'ono.

Palinso chibadwa, banga lakuda lomwe mwana amabadwa nalo kapena limatuluka akamakula. Ichi ndi chiunjikano cha maselo a utoto aja. Pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 100 amabadwa nacho. Chimakula pang'onopang'ono molingana ndi thupi la mwana, ndipo china chimamera tsitsi. Chaching'ono sichivuta. Koma chachikulu kwambiri, chophimba msana, ntchafu kapena mbali ya mutu, chimafunika kuti dokotala wa khungu achione ndi kumachiyang'anira, chifukwa mwa ana ochepa chimatha kusanduka khansa.

Zipsera za mphere, katsabola, zithupsa ndi nsungu zoyabwa zimasiyanso mawanga akuda. Ana omwe ali ndi HIV amavutika kwambiri ndi nsungu zoyabwa za m'manja ndi m'miyendo, ndipo akakanda pamatsala timawanga tambirimbiri. Mawanga otere amakhala osalala, amatsatira pomwe padali chilonda, ndipo amachepa mphamvu pakapita miyezi.

Mankhwala nawo amatha kudetsa khungu. Bactrim amayambitsa mwa anthu ena banga lozungulira lomwe limabwerera pamalo omwewo, makamaka pamilomo kapena kumaliseche, nthawi iliyonse munthu akamwa mankhwalawo. Mankhwala a AZT amadetsa zikhadabo mwa ena. Izi si khansa, koma zimafunika kukafotokoza kuchipatala. Mwana akatuluka matuza, zilonda m'kamwa kapena m'maso, kapena akatentha thupi atamwa mankhwala, pitani naye tsiku lomwelo pamodzi ndi mankhwalawo ndi buku lake la kuchipatala.

Chibadwa chikayamba kusintha

Khansa yoyamba kuchokera m'maselo a utoto imatchedwa melanoma. Mwa ana aang'ono ndi yosowa kwambiri, ndipo mwa anthu akuda siichuluka ngati mwa azungu. Komabe ikatipeza ife imakonda malo omwe sitiwayang'ana: pansi pa phazi, pachidendene, pachikhatho ndi kunsi kwa chikhadabo.

Ambiri a inu mumamvera nyimbo za Bob Marley wa ku Jamaica. M'chaka cha 1977 iye adali ndi banga kunsi kwa chikhadabo cha chala chachikulu cha kuphazi. Poyamba anthu ankaganiza kuti wavulala posewera mpira, koma idali melanoma. Idafalikira m'thupi ndipo adamwalira pa 11 May 1981 ali ndi zaka 36 zokha. Wa ndalama ndi mbiri ngati iye adaphedwa ndi banga la pachala.

Pa chibadwa kapena banga lililonse lakuda, madokotala amafunsa zinthu izi: Kodi mbali zake ziwiri zikufanana? Kodi m'mphepete mwake ndi mosalala kapena mokhotakhota? Kodi lili ndi mtundu umodzi kapena ingapo? Kodi likukula msanga kuposa momwe mwana akukulira? Kodi lasanduka chilonda kapena likutuluka magazi? Funso lalikulu pa onsewa ndi la kusintha. Banga lomwe lakhala chimodzimodzi zaka zisanu silidetsa nkhawa ngati lomwe lasintha m'miyezi iwiri.

Mwa ana nkhaniyi imavuta kwambiri chifukwa pali kachotupa kena komwe kamafanana zedi ndi melanoma koma si khansa. Kamatuluka mwadzidzidzi, kawirikawiri kumaso kapena m'miyendo, kamakhala kozungulira ngati nsawawa, ndipo kamakula msanga kwa miyezi ingapo kenaka n'kuima. Dokotala wina wamkazi wa ku New York, Sophie Spitz, ndiye adakafotokoza m'chaka cha 1948, ndipo mpaka lero kamadziwika ndi dzina lake. Kambiri mwa timeneti n'kosaopsa, koma tina timakhala pakatikati moti akatswiri oyeza minofu amatha kusiyana maganizo atayang'ana kachidutswa komweko pamakina. Ngati akatswiri amavutika chonchi, ndiye kuti ine kapena inu sitingagamule ndi maso okha. Chotupa chilichonse chatsopano chomwe chikukula msanga pa mwana chimafunika chipatala.

Khansa ya Kaposi

Kuno kwathu, banga lakuda loopsa lomwe timakumana nalo kawirikawiri mwa ana si melanoma ayi, koma khansa ya Kaposi. Ndi imene idamugwira mnyamata uja. Dzinali lidachokera kwa Moritz Kaposi, dokotala wa khungu yemwe ankagwira ntchito ku Vienna ndipo adafotokoza matendawa m'chaka cha 1872. Khansa imeneyi siyambira m'maselo a utoto. Imayambira m'timitsempha ta magazi ndi ta madzi a m'thupi, ndipo kuda kwake kumabwera chifukwa cha magazi odzadza m'chotupamo.

M'chaka cha 1994 akatswiri awiri, Yuan Chang ndi Patrick Moore, adapeza kachirombo komwe kamayambitsa khansayi. Kamatchedwa HHV-8 ndipo ndi kosiyana ndi HIV. Kamayenda makamaka kudzera m'malovu, ndipo m'maiko athu ano anthu ambiri amakatenga akadali ana. Ambiri amakhala nako moyo wawo wonse osadwala chifukwa chitetezo cha m'thupi chimakagonjetsa. Chitetezo chikatsika, monga zimachitikira mwana akakhala ndi HIV koma sakumwa ma ARV, kachiromboka kamapeza danga. N'chifukwa chake khansa ya Kaposi idachuluka kwambiri m'Malawi Edzi itafika, kuyambira pomwe wodwala woyamba adapezeka m'chaka cha 1985. Ili m'gulu la khansa zomwe zimapezeka kwambiri mwa ana m'dziko muno.

Pali zinthu ziwiri zoti tisasokoneze. Choyamba, khansa ya Kaposi idalipo mu Africa muno Edzi isanabwere, ndipo mpaka lero ana ena omwe alibe HIV amadwala. Tisamaloze chala mwana kapena mayi wake chifukwa cha banga. Chachiwiri, khansa siipatsirana. Kudyera mbale imodzi, kusewera kapena kugona mphasa imodzi ndi mwana wodwala sikungakupatseni khansa, ndipo HIV nayo siyenda m'njira zimenezi.

Mawanga a Kaposi amakhala akuda kapena ofiirira, olimba mukawakhudza, ndipo ambiri amatukuka pang'ono pamwamba pa khungu. Poyamba sayabwa kapena kupweteka, n'chifukwa chake anthu amawanyalanyaza. Sazimiririka mukawadina ndi chala. Amachulukirachulukira m'malo mochepa. Amakonda miyendo, mapazi, m'mphechepeche, kumaso ndi m'kamwa, makamaka kumwamba kwa m'kamwa ndi m'nkhama.

Mwa ana, khansayi imabisala m'njira zina. Ana ambiri amabwera ndi anabere akuluakulu olimba m'khosi, m'khwapa ndi m'mphechepeche, mawanga ali ochepa kapena palibiretu. Zikatero matendawa amafanana ndi TB ya m'anabere, ndipo mwana amatha kumwa mankhwala a TB miyezi ingapo osasintha. Ena amatupa mwendo n'kulimba ngati mtengo. Ena amatupa nkhope ndi zikope. Ambiri amachepa magazi, ndipo magazi awo amachedwa kuundana, n'chifukwa chake mphini za mnyamata uja sizinkasiya kukha. Ikafika m'mapapo mwana amatsokomola, amabanika, mwina kulavula magazi.

Madokotala a ana a ku Kamuzu Central Hospital ndi a Baylor ku Lilongwe adaphunzira bwino za khansayi mwa ana a kuno kwathu, nakonza njira yoigawira m'magulu anayi yomwe imadziwika ndi dzina la mzinda wa Lilongwe. Gulu loyamba ndi la mawanga ochepa pakhungu kapena m'kamwa. Lachiwiri ndi la anabere. Lachitatu ndi la kutupa kolimba. Lachinayi ndi la khansa yomwe yafika m'mapapo, m'mimba kapena yamwazikana thupi lonse. Adapeza kuti ana a m'magulu oyambirira ambiri amachira akalandira mankhwala, pomwe gulu lachinayi ndi lovuta kwambiri. Mwana akachedwa kunyumba, matenda amapitirira kulowera ku gulu lovutalo.

Madokotala amadziwa bwanji?

Anthu ambiri amaopa kuchipatala chifukwa sadziwa zomwe zikawachitikire. Nazi zomwe zimachitika.

Poyamba dokotala amafunsa mbiri: banga lidayamba liti, lidabadwa ndi mwana kapena ayi, likukula motani, mwana akumwa mankhwala anji, ndipo mayi wake adayezedwapo kapena ayi. Apa ndi pomwe inu osambitsa mwana mumathandiza kwambiri, chifukwa mumadziwa tsiku lomwe lidayamba.

Kenaka amamuvula mwana n'kuyang'ana thupi lonse, osati banga lokha lomwe mwamuonetsa. Amayang'ana m'kamwa ndi tochi, pansi pa mapazi, pakati pa zala, ndipo amapapasa anabere ndi pamimba.

Chachitatu ndi kuyeza magazi. Mwana aliyense wa mawanga okayikitsa amafunika kuyezedwa HIV. Malamulo a dziko lino amalola wachinyamata wa zaka 13 kupita m'tsogolo kuyezetsa payekha. Wocheperapo amafunika chilolezo cha kholo kapena womulera. Amayezanso kuchuluka kwa magazi, ndipo mwina amajambula pachifuwa ndi pamimba.

Chachinayi, chomwe chimapereka yankho lenileni, ndi kutenga kachidutswa ka chotupacho kukakayeza ku labotale. Madokotala amati biopsy. Amabaya jekeseni ya dzanzi pamalopo, n'kudula kanyama kakang'ono ngati njere ya mphodza, kenaka amasoka kapena kumata. Ngati ndi mwanabere wamkati, pamafunika opaleshoni yaing'ono. Kanyamako amakaika m'mankhwala, amakadula mopyapyala, n'kukayang'ana pamakina okulitsa zinthu. Zotsatira zimatenga masiku kapena milungu, choncho funsani tsiku lobwereranso ndipo lilembedwe m'buku.

Pali mphekesera yoti chotupa akachidula khansa imakwiya n'kufalikira. Si zoona. Chomwe chimachitika n'chakuti ambiri amafika mochedwa, khansa itafalikira kale, ndiye anthu amaloza mpeni wa dokotala. Kuyeza kanyama n'kofunika chifukwa pali matenda ena ofanana kwambiri ndi Kaposi. Amodzi mwa iwo amayamba ndi bakiteriya ndipo amachizika ndi mapiritsi wamba a kuchipatala. Popanda kuyeza, mwana angalandire mankhwala amphamvu a khansa pachabe, kapena angamwe mankhwala a TB khansa ikukula.

Kwa ife a ku Machinjiri ulendo umayambira pachipatala cha South Lunzu kapena chipatala china chaching'ono chomwe muli nacho pafupi. Akaona kuti m'pofunika amakulemberani kalata yopita ku Queen Elizabeth Central Hospital, komwe timati ku Gulupu. Kumeneko kuli madokotala a khungu, wodi ya ana odwala khansa, komanso Mercy James Centre yomwe idatsegulidwa m'chaka cha 2017 kuti izichita maopaleshoni a ana. Thandizo m'zipatala za boma ndi laulere. Mukabwerera kunyumba mankhwala osathandiza ndipo banga likukulabe, bwereraninso mukanene momveka kuti, "Tidabwera mwezi watha, koma likukula." Safunsa adadya phula.

Mnyamata uja zidamuthera bwanji?

Agogo adavuta kuvomera kuti mdzukulu wawo ayezedwe. Adandiuza kuti, "Mwanangu, mayi wake ndidamuika m'manda ndi manja angawa. Mukandiuza kuti nayenso ali nako, ndigona bwanji?" Yemwe adawagonjetsa ndi mtsikana uja. Adawauza zomwe timakambirana ku kalabu, kuti nthawi ya mayi awo si ya lero. Boma lidayamba kupereka ma ARV aulere m'chaka cha 2004. Kuyambira 2011 mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa yemwe ali ndi HIV amayamba mankhwala a moyo wonse, ndipo kuyambira 2016 aliyense wopezeka ndi kachirombo amayamba ma ARV osadikira kuti adwale.

Mnyamatayo adapezeka ndi HIV yomwe adaitenga kwa mayi ake. Zaka 8 zonsezo padalibe yemwe adamuyezetsa. Mchemwali wake adayezetsa tsiku lomwelo ndipo adapezeka alibe. Ku Gulupu adamudula kanyama pantchafu, ndipo zotsatira zidatsimikiza kuti ndi khansa ya Kaposi. Adamuika magazi, adayamba ma ARV, kenaka adayamba kulandira mankhwala a khansa odzera m'mitsempha.

Sizidali zophweka. Ankasanza, ankakana nsima, tsitsi lidasosoka, ndipo anzake oyandikana nawo nyumba adayamba kumuseka. Kawiri konse agogo adafuna kusiya chifukwa ndalama ya minibasi yopita ndi kubwera idawathera. Anthu ambiri sadziwa kuti ana ena amamwalira osati chifukwa mankhwala adakanika, koma chifukwa adasiyira panjira. Apa kalabu yathu idachitapo kanthu. Mtsikanayo atapempha chilolezo kwa agogo ake, adauza anzake kuti mlongo wake akudwala khansa ndipo akusowa thiransipoti. Za HIV sadanene, ndipo padalibe womukakamiza. Anyamata adagwira ganyu yonyamula mchenga, atsikana adagulitsa mandasi, ndipo ndalamazo zidakwanira maulendo omwe adatsala.

Lero mnyamatayo adabwerera kusukulu. Anabere adaphwa, banga la m'kamwa lidatha, ndipo mawanga a pantchafu adasanduka zipsera zosalala. Mwendo uja sudabwerere mwakale kwenikweni. Umatupabe akayenda mtunda wautali, ndipo mpira amasewera pagolo. Ndikamuona akutsimphina ndimakumbukira Lolemba lija. Ndikadamuuza kuti ayasamule, mwina bwenzi akuthamanga ngati anzake. Ma ARV akumwa tsiku lililonse, ndipo amapitabe kukaonedwa chifukwa khansayi imatha kubwerera.

Kwa inu omwe mukumwa ma ARV kapena mukusamalira mwana yemwe akumwa, dziwani ichi: m'milungu kapena miyezi yoyambirira, chitetezo chikamadzuka, mawanga a Kaposi amatha kukula kapena kutuluka kumene. Musasiye mankhwala. Bwererani kuchipatala msanga. Musagulenso mwa inu nokha mapiritsi a prednisolone kapena mafuta odzola oyeretsa khungu, chifukwa mankhwala a mtundu umenewu amatsitsa chitetezo ndipo amatha kukulitsa khansayi.

Anzathu achialubino

Sitingakambe za utoto wa khungu osatchula anzathu achialubino. Maselo awo a utoto alipo koma sapanga melanin wokwanira, choncho dzuwa limawononga khungu lawo kuyambira ali makanda. Kalembera wa 2018 adapeza anthu achialubino 134,636 m'dziko muno. Mdani wawo wamkulu pa zaumoyo ndi khansa ya pakhungu yobwera ndi dzuwa.

Mwa mwana wachialubino yang'anani timawanga tokhakhala ngati sandipepa, milomo yosweka nthawi zonse, ndi chilonda chomwe sichikupola pakatha mwezi, makamaka kumaso, m'makutu, m'khosi ndi m'mikono. Timawanga tokhakhalato tikapezeka msanga amatiwotcha ndi mankhwala ozizira kwambiri tisanasanduke khansa. Chipewa cha khonde lalikulu, malaya a manja aatali, mafuta oteteza ku dzuwa ndi kukhala pamthunzi masana zimapulumutsa moyo. Bungwe la APAM limayankhulira anthu achialubino, ndipo bungwe la Standing Voice lakhala likugwira ntchito ndi Unduna wa Zaumoyo poyendetsa makiliniki a khungu m'maboma angapo. Ngati m'kalabu mwanu muli mnzanu wachialubino, chitirani misonkhano ndi masewero pamthunzi.

Pitani ndi mwana kuchipatala mukaona izi

Banga lakuda kapena lofiirira, lolimba, lomwe likukula kapena kuchulukana.

Banga lililonse m'kamwa, m'nkhama kapena m'diso.

Banga latsopano pansi pa phazi, pachikhatho, kapena mzere wakuda womwe ukukula pachikhadabo chimodzi.

Chibadwa chomwe chasintha mtundu, chatupa, chasanduka chilonda kapena chikutuluka magazi.

Anabere olimba omwe atha mwezi osaphwa, makamaka ngati mankhwala sakuthandiza.

Mwendo, nkhope kapena m'mphechepeche motupa molimba.

Chilonda chomwe chatha mwezi osapola.

Zomwe kalabu yanu ingachite

Yambani kunyumba. Kamodzi pamwezi, posambitsa mng'ono wanu, muyang'aneni thupi lonse padzuwa, kuphatikizapo m'kamwa ndi pansi pa mapazi. Mukapeza banga, lembani tsiku m'kope, liyezeni ndi rula ya kusukulu, kapena lijambuleni pafoni mutaika rulayo pambali pake. Chithunzicho ndi cha dokotala yekha. Musachitumize pa WhatsApp kapena Facebook, chifukwa mwana naye ali ndi ufulu wa chinsinsi.

Musateme mphini, kufinya, kuwotcha kapena kumanga ulusi pachotupa. Lumo limodzi lotemera anthu angapo limathanso kufalitsa HIV. Ngati akuluakulu akufuna kupemphera kapena kufunsa kwina, apempheni mwaulemu kuti chipatala chisadikire.

Funsani ngati ana amasiye ndi ana a makolo omwe ali ndi HIV adayezedwapo. Mwana wobadwa kwa mayi yemwe ali ndi kachirombo amayezedwa pa milungu 6, pa miyezi 12 ndi pa miyezi 24. Ana ena adaphonya mwayi umenewu ndipo akukula osadziwika, monga mnyamata uja. Mwana yemwe wayamba ma ARV msanga ndipo akumwa mwandondomeko amakhala wotetezedwa kwambiri ku khansa ya Kaposi.

Tsekani pakamwa pa onyoza. Mukamva wina akunena kuti wakutiwakuti ali ndi mawanga ndiye kuti ali nako, mufotokozereni zomwe mwawerenga pano. Mawu otere ndi omwe amachititsa makolo kubisa mwana m'nyumba mpaka matenda atakula.

Ganizirani zokhala ndi kathumba ka thiransipoti ka ana odwala m'dera lanu. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Tsiku la 15 February, lomwe dziko lapansi limakumbukira ana odwala khansa, ndi la 13 June, lokumbukira anthu achialubino, ndi masiku abwino ochita sewero kapena kuyenda khomo ndi khomo. Itanani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kuti adzakuthandizeni.

Mafunso okambirana ku kalabu

1. N'chifukwa chiyani mawanga a mitundu yosiyana amaoneka ofanana pakhungu lakuda?

2. Mukadakhala mtsikana wa m'nkhaniyi, mukadawauza chiyani agogo kuti alole mdzukulu wawo kuyezedwa?

3. Kodi mtsikanayu adachita bwino kuuza anzake za khansa koma osanena za HIV? Fotokozani.

4. Ndi zikhulupiriro ziti m'dera lanu zomwe zimachedwetsa ana otupa miyendo kapena anabere kupita kuchipatala?

5. Konzani sewero la mphindi khumi loonetsa wachinyamata akufotokozera dokotala mbiri ya banga la mng'ono wake.